Chimene Wapereka ndi Chimene Akulanda

Mvula ikakhazikika mu Disembala, tiyi wa ku Satemwa, Conforzi, Naming'omba, Makandi ndi maesiteti ena a ku Thyolo amaphuka usana ndi usiku, ndipo nsonga imene yachedwa kuthyoledwa imakhwima n'kutha ntchito. N'chifukwa chake nyengo imeneyi ntchito imagundika kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Koma boma lomweli ndi kumenenso kuli Malamulo, ku Makwasa, mishoni imene a Seventh-day Adventist adagula mu 1902 kwa a Seventh Day Baptist, pamalo amene Joseph Booth adayambitsa ndi dzina la Plainfield. Kuchokera m'masiku a Thomas Branch, mmishonale wakuda wa ku America amene adafika chaka chomwecho, chiphunzitso cha Sabata chidalowa m'midzi yonse yozungulira minda ya tiyi. Motero Lachisanu lililonse dzuwa likamapendeka, alipo anthu ku Thyolo amene ayenera kusankha kuti mawa akanyamula dengu kapena Baibulo.

Ine ndine wa CCAP, ndimapemphera Lamulungu, ndipo pa nkhani ya tsiku sindidagwirizanepo ndi azakhali anga. Komabe zambiri zimene ndikudziwa za kudzipereka kwa Mulungu ndidaziphunzira pakhomo pawo.

Ankathyola tiyi pa esiteti ina imene sindiitchula. Lachisanu ankaweruka zala zitada bii ndi utomoni wa masamba, m'mphepete mwa zikhadabo mutang'ambika. Pepala la pulasitiki limene ankamanga m'chiuno potchinga mame ankaliyanika pa mpanda, dengu n'kulivundikira kuseri kwa chitseko. Kenaka ankathamangitsana ndi dzuwa: kusinja chigwada cha mawa, kutunga madzi okwanira masiku awiri, kusita diresi lawo loyera ndi ayironi ya makala. Mdima ukamagwa, m'nyumbamo simunkamvekanso musi kapena tsache.

Tsiku lina nditawaperekera chakudya kumunda, ndidamva ndekha kapitawo akuwafunsa pamaso pa anzawo.

"Mayi, Mulungu wanuyo akudyetserani ana? Anzanu a Sabata mawa akubwera. Inu nokha ndiye oyera?"

"A Kapitawo, masiku asanu ndikuthyolerani mpaka mdima. Lamulungu mukandifuna ndibwera. Koma mawa si tsiku langa. Sindingakugulitseni chinthu cha eni."

Sadakweze mawu, sadalalikire. Adakonza dengu kumsana n'kubwerera mumzere wawo.

Si akapitawo onse amene adali otero, alipo amene ankalola munthu kusinthanitsa masiku. Koma azakhali adalipira mtengo wonse. Ntchito yokhazikika sadawalembe konse. Mvula ikatha, chiperoni n'kuyamba, dzina lawo linkakhala m'gulu loyamba kudulidwa. Nyengo imene idathera mu njala ya 2002 sadawalembe n'komwe, ndipo banja lonse lidakhalira phala la madeya ndi nthochi zosakhwima.

Tsono adapindulanji? Funso limeneli landisautsa kuyambira ndili mnyamata. Mu maumboni a m'tchalitchi nkhani yotere mathero ake timawadziwa kale: munthu wakana kugwira ntchito pa tsiku lopatulika, patapita mwezi bwana wamuitana n'kumukweza, mpingo wonse n'kuwomba m'manja. Sindikutsutsa kuti zimachitika. Kwa azakhali sizidachitike. Adamwalira ali m'nyumba yofolera ndi udzu, ndipo sadaonepo tsiku limene wina adabwera kudzawabwezera malipiro a Maloweruka onse aja.

Makolo adati kupatsa n'kuika. Pakati pa anthu mwambiwu ndi woona: ukathandiza pa maliro a mnzako, mawa adzakukumbira manda. Vuto limabwera tikautengera kwa Mulungu, n'kumayesa kuti chilichonse chimene tamupatsa tasungitsa, tidzatenga ndi chiwongoladzanja. Masiku ano chiphunzitso chimenechi chili ndi eni ake. Tsiku la malipiro likafika, pa misika ya ku Bvumbwe, Luchenza ndi pa boma pamamveka zimkuzamawu za aneneri oitanira anthu kudzafesa mbewu. Ndikudziwa amayi amene adatenga katapila kuti akafese mbewu yoteroyo, poyembekezera kuti ikabala adzabweza ngongole. Munthu wotero sadadzipereke kwa Mulungu. Wachita naye malonda, ndipo malondawo wadyera wina.

Uthenga wa Marko, mutu 12, umanena za mayi wamasiye amene adaponya timakobiri tiwiri, zonse zimene adali nazo. Alaliki amaikonda nkhaniyi nthawi ya chopereka. Koma werengani bwino: Marko sanena kuti mayiyo atafika kunyumba adapeza ufa wadzaza m'dengu. Nkhani imatha iye atapereka, Yesu atamuona, basi. Ku Getsemane nakonso Yesu adapempha kuti chikho chimupitirire, ndipo sichidamupitirire. Ngati Mwana weniweniyo adagonjera Atate popanda lonjezo lakuti ululu uchepa, ife tidautenga kuti mtima woyembekezera risiti? Chimene ndidaona mwa azakhali n'chakuti sadawerengere. Sindidawamvepo akunena kuti Mulungu ali nawo ngongole. Nditawafunsa ndili ku sekondale, ndi mwano wa mwana amene wayamba kudziwa mabuku, adangoti: "Iwe, munthu ukakwatiwa umafunsa kuti ndipindulanji? Ndine wake, kwatha."

Pamenepa mpofunika kusamala kwambiri, chifukwa ku Thyolo kuno kugonja kuli ndi mbiri yowawa. Agogo athu ambiri, Alhomwe, adalowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique kuyambira cha m'ma 1890, n'kupeza malo onse abwino ali m'manja mwa azungu. Kuti akhale pamalopo ankagwira thangata, ntchito yolipirira malo okhala ndi msonkho wa nyumba, imene inkafunika kwambiri nyengo ya mvula, nthawi yomweyo imene minda yawo inkafuna khasu. Thangata adatha mwalamulo mu 1962. Kwa zaka zonsezo anthu ankapereka thukuta lawo, miyezi yawo, nthawi zina ndi ulemu wa akazi awo. Kodi imeneyo idali nsembe? Ayi. Chimene akulanda si chopereka. Nsembe imafuna munthu womasuka, amene akadatha kukana, koma watula yekha ndi manja ake.

Ndikuopa kuti maguwa athu nthawi zambiri amasakaniza ziwirizi. Wantchito akadandaula kuti sikelo yamudyera makilogalamu, timamuuza kuti apirire, mphotho yake ili kumwamba. Mtsikana amene kapitawo akumufuna kuti amulembe ntchito timamulangiza kuti apemphere, osapita naye kukanena. Mayi womenyedwa timamubweza kwa mwamuna wake kuti akasenze mtanda. Mtanda umenewo sudaperekedwe ndi Khristu. Kalata ya Yakobo, mutu 5, imadzudzula poyera eni minda amene amamana antchito malipiro awo, ndipo Marko yemwe uja, asadafotokoze za timakobiri tiwiri, amayamba ndi chidzudzulo cha Yesu kwa akuluakulu achipembedzo amene amadya chuma cha amayi amasiye. Ndime ziwiri za Markozo n'zoyandikana, koma ndi kangati mudazimva zikulalikidwa pamodzi?

John Chilembwe, amene adabatizidwa ndi Booth yemweyo, adaona matchalitchi a anthu ake akutenthedwa pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, ndipo pa 23 Januwale 1915 adatenga zida. Sindivomereza magazi amene adakhetsedwa usiku umenewo. Koma adazindikira chinthu choona: munthu amene wagwada pamaso pa Mulungu sangagwadenso chimodzimodzi pamaso pa bwana. A Mboni za Yehova adaonetsa zomwezo opanda chida chilichonse. Boma la Dr. Banda lidawaletsa mu 1967, nkhani yaikulu ili yokana kugula khadi la chipani. Adamenyedwa, nyumba zawo zidatenthedwa, ntchito zidawathera, ndipo mu 1972 zikwizikwi adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Ambiri adakathera m'misasa cha ku Milange, kutsidya kwa malire a Mulanje. Chiletsocho chidachotsedwa mu 1993. Ziphunzitso zawo zambiri sindigwirizana nazo, koma pamene ambirife tinkagula makhadi ngakhale a makanda kuti tilowe mumsika, iwo adati ayi.

Azakhali nawo sadali munthu wongovomera zilizonse. Mayi yemweyo amene ankataya malipiro a Loweruka osang'ung'udza, ndi amene ankaima pa sikelo n'kumuuza kalaliki kuti, "Bambo, yezaninso, dengu ili ndikulidziwa kulemera kwake." Tsiku la Sabata adalipereka okha. Kilogalamu imodzi yoberedwa sankailola. Kwa nthawi yaitali ndinkaona ngati ndi anthu awiri osiyana. Adali munthu mmodzi, ndipo kulimba mtima kwa pa sikelo kunkachokera ku kugwada kwa Lachisanu madzulo.

Pali mbali ina imene imandilemera kuposa zonsezi. Nsembe ya munthu mmodzi sailipira yekha. Msuweni wanga, mwana wawo wachiwiri, adasankhidwa kupita ku sekondale, koma adasiyira Fomu 2 chifukwa cha fizi. Nzeru zake zinkaposa zanga kutali. Lero amapalasa kabaza. Tikakhala awiri amanena mosabisa kuti mayi ake akadangogwira Maloweruka a nyengo ziwiri kapena zitatu, bwenzi iye ali mphunzitsi. Amawakonda mayi ake, koma m'tchalitchi salowamo. Ndimuyankhe chiyani? Iye sadafunsidwe. Timayamikira Abrahamu pa phiri la ku Moriya, ndipo m'poyenera, koma amene adasenza nkhuni n'kumangidwa paguwa ndi Isake.

Ena amathetsa vutoli mwachangu ponena kuti azakhali adalakwa: Mulungu ndi wachifundo, akadamvetsa, ana ndiwo oyamba. Yankho limeneli limamveka lanzeru, ndipo sindiweruza aliyense amene adanyamula dengu pa Sabata ana ali ndi njala. Yesu mwini adateteza ophunzira ake pamene adabudula ngala za tirigu pa Sabata. Koma ndikalitsata mpaka kumapeto, limandifikitsa pa chikhulupiriro chimene chimagwira ntchito pokhapokha ngati sichikudyera kanthu. Kalaliki amene wauzidwa kuti achepetse makilogalamu m'buku nayenso ali ndi ana. Mlonda amene anzake akumuitana kuti akabe nawo feteleza ali ndi ana. Namwino wogulitsa mankhwala a boma ali ndi ana. Tikavomera kuti ana amamasula munthu ku chikumbumtima chake, palibe choipa m'dziko muno chimene chidzasowe chifukwa. Penapake munthu ayenera kukhala ndi chinthu chimene sagulitsa, ndipo adzadziwika kuti ali nacho tsiku limene mtengo wake wakwera.

Ndiye mlandu wa msuweni wanga uli pa yani? Ndaganiza kwa zaka zambiri, ndipo sindiuika pa mayi ake. Mbali ina uli pa malipiro amene sakwanira kuphunzitsa mwana ngakhale munthu atathyola masiku asanu athunthu. Mbali ina, yaikulu ndithu, uli pa ife Akhristu amene tidawazungulira. Azakhali ankapereka chakhumi pa tindalama tawo tochepato osaphonya. Pa msonkhano wa misasa ankatchulidwa ngati chitsanzo cha kukhulupirika. Koma mwana atabwezedwa kusukulu, amene adawomba m'manja aja sadasonkhe fizi. Ifenso abale awo a mipingo ina tidangoti adziputira okha. Buku la Machitidwe limafotokoza kuti okhulupirira oyamba ankagulitsa minda ndi nyumba kuti pakati pawo pasakhale wosowa. Kumeneko munthu akataya ntchito chifukwa cha chikhulupiriro, katunduyo ankagwera gulu lonse. Ife tidasiyira mayi mmodzi ndi mwana wake.

Kunena zoona, Malamulo yemweyo adayamba ndi mzimu wina. M'zaka za m'ma 1920 kumeneko kudatsegulidwa malo osamalira odwala khate, anthu amene midzi yawo inkawathawa, ndipo adalipo anamwino ndi othandiza, azungu ndi Amalawi, amene ankatsuka zilondazo tsiku ndi tsiku. Kudzipereka kwa mtundu umenewo kunkatsika kuchokera kwa amene ali nazo kupita kwa amene alibe. Lero kwatembenuka. Wothyola tiyi ndiye akupemphedwa nsembe ya galimoto ya abusa, ya nyumba ya abusa, ya tsiku lobadwa la abusa, pamene iye mwini alibe nsapato zopondera m'mame.

Abusa ndi akulu a mpingo, a Sabata ndi a Lamulungu omwe, musaleke kulalikira za kusenza mtanda. Anthu athu akufunika kumva kuti kutsata Khristu kumadya ndalama, ntchito, ngakhale abale, ndi kuti si onse amene adzabwezeredwe pansi pano. Koma musadaimirire kulalikira, dziwani maina a anthu a mumpingo mwanu amene ntchito yawathera nyengo ino chifukwa chokana kuba, kugona ndi kapitawo kapena kuswa tsiku lawo lopatulika. Pitani nawo ku ofesi ya esiteti mukawalankhulire. Ndipo teremu ikamatsegulira, fizi ya ana awo ichoke m'thumba la mpingo.