Haya si kubisa chotupa



Lero tikambe nkhani yomwe sitiikamba tikatuluka mu mzikiti: khansa ya machende. Pepani ndi liwulo, koma dzina lake ndi lomwelo. Imakonda ife a zaka 15 mpaka 35, ndipo nthawi zambiri imayamba ngati kachotupa kolimba, kosapweteka n'komwe. Ikapezeka msanga, ambiri amachira.

Komatu m'bale amakhala nako miyezi osauza munthu, akuti ndi haya. Ayi akhi. Maulama amalola kuonetsa awrah kwa dokotala pakakhala vuto lenileni. Thupili ndi amana ya Allah, tidzafunsidwa za ilo. Pochita ghusl ya Jumu'ah dzigwirenigwireni mbali zonse ziwiri, mukamva chachilendo pitani kuchipatala.

Mwa apo ndi apo imagwira onse awiri. Akachotsedwa onse, munthu sangaperekenso mimba, ndipo amafunika kulandira testosterone moyo wake wonse. N'zolemera izi, tisanamizane. Koma Surat Ash-Shura ikutikumbutsa kuti nkhani yokhala ndi ana kapena kusakhala nawo ili m'manja mwa Allah yekha. M'bale wotere akadali mwamuna, ndipo malo ake pa swafu yoyamba alipo. Tisamusandutse nthabwala pa gulu la WhatsApp.

Ya Allah, chiritsani odwala athu. Ameen.