Mwala Wosemedwa ndi Mtima wa Otomerana



Masiku ano anyamata athu ambiri a m'tauni safuna kuchita chinkhoswe popanda mphete ya dayamondi. Tiyeni tsono tiuyang'anitsitse mwala umenewu, pakuti ukhoza kutilangiza koposa iwo amene amaugulitsa.

Dayamondi potuluka m'nthaka sawala konse: afanana ndi kachidutswa ka galasi lothimbirira. Kuwala kwake kuchokera m'manja mwa mmisiri, amene amampala ndi fumbi la dayamondi mnzake, chifukwa palibe mwala wina womposa kulimba. Ndipo popalapo, kawirikawiri theka la mwalawo limatayika. Mwala wotchuka wa Cullinan, umene unapezeka pafupi ndi Pretoria m'chaka cha 1905, unali wa makarati 3,106. Koma atauswa Joseph Asscher wa ku Amsterdam mu 1908, waukulu mwa miyala yotulukamo unali wa makarati 530 okha.

Masemedwe ali amitundumitundu. Wozungulira, umene anthu aukonda koposa, uli ndi nkhope 57 kapena 58. Miyeso yake anaiwerengera Marcel Tolkowsky mu 1919, kuti kuunika kolowa pamwamba kubwerere pamwamba pomwepo, kusatayikire pansi. Ulipo wosongoka uku ndi uku monga bwato, wina wonga dontho la msozi, wina wonga mtima. Imeneyi nsonga zake sizichedwa kubenthuka, ndipo wosula mphete amaziphimba ndi kachitsulo.

Koma ine mtima wanga uli pa wotchedwa emerald, wamakona ndi wotalikirapo, umene nkhope zake zazikulu zisanjikana ngati makwerero. Wozungulira uja, ndi kunyezimira kwake konse, ubisa tizilema ta m'kati. Uwu subisa kanthu. Munthu aona mpaka pansi, monga m'chitsime cha madzi oyera. N'chifukwa chake mmisiri ausankhira mwala wopanda banga.

Inu otomerana, kodi mwasemedwa motani? Alipo mnyamata wonyezimira ndi suti ndi mau okoma, koma wabisa mwana amene anabereka kwina, kaya mkazi amene anamsiya ku Joni. Alipo namwali wobisa ngongole, kaya wovomera ndi pakamwa pokha chifukwa choopa amalume ake. Dziwani ichi: dayamondi, ngakhale ali wolimba chotere, ali ndi mizere yake m'kati, ndipo kummenya kamodzi kokha motsata mzerewo kumgawa pawiri. Bodza lolowa nalo m'banja ndilo mzere wotere. Eklezia polengeza ukwati m'tchalitchi sachita izi kuti akuchititseni manyazi, iai. Afuna kuti chobisika chituluke nthawi isanathe.

Za mtengo ndinene mwachidule. Pamene Maximilian wa ku Austria anapatsa Mary wa ku Burgundy mphete ya dayamondi mu 1477, unali mwambo wa mafumu. Anaufalitsa pakati pa anthu wamba ndi amalonda, makamaka m'zaka za m'ma 1900. Eklezia sanaulamule konse. Chomanga Sakramenti la Ukwati ndicho kuvomerezana kwa awiriwo mwaufulu, pamaso pa wansembe ndi mboni ziwiri. Ndipo mphete yamkuwa idalitsidwa ndi pemphero lomwelo lodalitsira yagolide.

Inu aphunzitsi, otomerana akabwera ku maphunziro a ukwati, musayambe ndi kuyamikira chimene chili pachala. Muwaitane mmodzimmodzi, ankhoswe atakhala panja, ndipo mumfunse aliyense mofatsa ngati pali kanthu kamene mnzake sanakamve. Akakhala chete nayang'ana pansi, musamkalipire. Mumperekeze kwa Bambo Mfumu tsiku lomwelo.