Imvereni Kaye Galimoto Musanaikweze Pajeki

Anyamata inu amene mwangoyamba umakanika, mwini Prado kapena RAV4 akabwera n'kunena kuti kutsogolo kukumveka phokoso, musathamangire sipanala. Mufunseni kaye kuti limamveka liti: pamabampu, pokhota, kapena poponda buleki? Kenako kwerani naye, mutsegule zenera, muzimitse wailesi, mudutse pang'onopang'ono pamsewu wamaenje.

Gobede gobede wa pa timabampu ting'onoting'ono, amene amaleka mukafika patala wosalala, kawirikawiri amakhala stabilizer link kapena mabushi ake. Zinthu zotchipa zimenezi. Koma ambiri amagulitsa munthu mashoko atsopano chifukwa cha phokoso lomweli, mawa lake munthu uja wabweranso nalo. Shoko yakufa imadziulula yokha: imadontha oyilo, ndipo mukakanikiza kona ya galimoto n'kuisiya, imangodumphadumpha. Tetete wa pokhota chiwongolero mpaka kumapeto uku mukuponda mafuta ndi CV joint yakunja. Suzumirani labala wake, mupeza wang'ambika, girisi atamwazikira pamkombero. Mkokomo umene umakula ndi liwiro n'kusintha mukakhotera mbali ina, ameneyo ndi beringi.

Mukakweza galimoto, ikani sitandi, osati njerwa. Gwirani tayala kumanzere ndi kumanja, muligwedeze. Likasewera, yang'anani tie rod end ndi rack end. Gwiraninso pamwamba ndi pansi. Likasewera pamenepo, mnzanu aponde buleki: kusewerako kukatha ndi beringi, kukapitirira ndi ball joint.

Pa ball joint ndiye ndikuchondereni. Pa Prado 90, yomwe idatuluka mu 1996, ndi Hilux Surf ya nthawi yomweyo, kulemera kwa kutsogolo kumatsamira pa ball joint ya m'munsi. Galimoto ikalendewera, sipuling'i imaikanikiza joint ija mwakuti mutha kugwedeza tayala osamva kanthu, chonsecho yatha. Ikani jeki pansi pa arm ya m'munsi kuti imasuke, ndiyeno munyamule tayala ndi chitsulo, maso ali pa joint. Labala wake akangong'ambika, fumbi la m'chilimwe ndi matope a m'dzinja zimalowa n'kudya chitsulo. Nthawi zina imalira kwii pokhota, nthawi zina siichenjeza n'komwe. Ikazuka, tayala limapindikira pansi pa galimoto, chiwongolero sichimvanso, ndipo m'galimotomo mumakhala ana a anthu. Mwini wake akati adzasintha mwezi ukatha, muuzeni mwaulemu kuti, "Bwana, iyi isatuluke pano chonchi." Sinthani mbali zonse ziwiri, mabawuti akenso akhale atsopano.

Mukasintha mabushi a arm, musamangitse mabawuti galimoto ili m'mwamba. Itsitseni kaye iime pa matayala ake, apo ayi labala amapotoka n'kung'ambika msanga. Ndipo mukakhudza tie rod, tumizani galimoto ku alayimenti tsiku lomwelo, tayala lisadyeke mbali imodzi.