KODI KUBISA NZERU NDI KUBA?

M'mwezi wa March, caka ca 1975, anthu oposa 30 anasonkhana m'nyumba yosungiramo galimoto ya Gordon French ku Menlo Park, m'cigawo ca California ku America. Anadza kudzaona Altair 8800, kompyuta imene munthu anali kuigula zidutswa-zidutswa nailumikiza yekha. Msonkhanowo unabala bungwe la Homebrew Computer Club, limene linakhala kufikira 1986. Mwambo wao unali wakuti yense wodziwa kanthu auze anzace. Cotero Steve Wozniak, mmodzi wa iwo, anagawa kwaulere mapepala osonyeza mapangidwe a kompyuta yace, Apple I. Koma kuciyambi kwa 1976 Bill Gates analemba kalata, imene inasindikizidwa m'nyuzi ya bungwelo, kudandaula kuti ambiri anali kutenga pulogalamu yace ya BASIC osalipira, nati kutero ndi kuba.

Wina anapatsa, wina anafuna malipiro. Wolungama ndani? Kuti tiweruze bwino, tiyeni tikhale pa msonkhano wa bungwe lotere, pamene anthu abwera ndi makompyuta akale kuti akonzedwe.

Kompyuta ina iiwala tsiku ndi ola nthawi zonse akaizima, ndipo mwini wace ayesa kuti yatha. Wodziwa azindikira msanga kuti kabatire konga ndalama yacitsulo, kochedwa CR2032, katha mphamvu. Mtengo wace ngwocepa ndithu. Ina ingolira kuti pii, pii, osaonetsa kanthu. Kawiri-kawiri cifukwa cace ndi RAM yosakhala bwino m'malo mwace. Kuizula, kupukuta fumbi ndi kuibwezeramo, makina adzuka. Inanso izima yokha, pakuti makapasita ace atupa pamwamba, nthenda imene inafala m'makina a zaka zoyamba za m'ma 2000. Imeneyi ifuna maola ndi dzanja lozolowera kuocherera.

Tsono taonani ciyeso. Wodziwa uja akhoza kukhala cete, nagula pa mtengo wa zotayidwa makina amene nthenda yace ndi kabatire cabe. Sananame, ndipo sanalande kanthu. Kodi sanabe?

Tibvomereze poyamba kuti Gates anali ndi mau. Thukuta la munthu silidyedwa cabe. Wolemba pulogalamu miyezi yambiri, kapena woocherera makapasita tsiku lonse, ayenera kulipidwa, ndipo womana malipirowo alakwa. Koma nchito ndi cinthu cina, coonadi ndi cinthu cinanso. Amene apindula cifukwa mnzace sadziwa, sagulitsa thukuta lace ai. Akolola umbuli wa mnzaceyo, munda umene sanaulime.

Caciwiri, nzeru isiyana ndi ufa. Ndikakupatsani ufa, m'dengu mwanga mucepa. Ndikakuuzani za kabatire, ine ndidziwabe monga kale. Ndiponso wodziwayo anazitenga kuti? Tsiku lina iyenso anaima pambali pa wina amene anamlozera ndi cala, osafuna khobidi. Cimene analandira cotero ndi ngongole, ndipo aibweza pophunzitsa wina.

Cacitatu, makina akale alibe mwini wowasamala. Microsoft inaleka kusamalira Windows XP m'mwezi wa April 2014, ndipo opanga zitsulo nawonso amasiya zakale nayang'ana zatsopano. Pamenepo nzeru yokonza itsala m'mitu ya anthu owerengeka. Akaibisa, ipita nao kumanda, ndipo makina amene akadathandiza mwana wa sukulu atayidwa kudzala ali amoyo.

Wina adzati, "Nanga ndikaphunzitsa onse, ana anga adzadya ciani?" Funso ili nlolemera, ndipo sitinama kuti wophunzitsa sataya kanthu. Amene mwamuuza za kabatire sadzakulipirani pa kabatire. Koma tsiku limene makapasita adzatupa, adzapita kwa yani, ngati si kwa iye amene anamuuza zoona pa cinthu cacing'ono? Ndipo cingakhale asabwerenso, inu simunadye cace.

Cifukwa cace yankho lathu ndi ili: kufuna malipiro pa nchito ya manja ako si kuba, koma kubisa cimene udziwa kuti upindule ndi kusadziwa kwa mnzako ndiko kuba, kungakhale palibe bwalo limene lingakuzenge mlandu. Inu amene mudziwa kanthu, pochula mtengo muyambe mwadzifunsa: kodi ndalama iyi ndi ya nchito yanga, kapena ya umbuli wa mnzanga?