Pachipata cha mpikisano: ndani alowe, ndani abwerere?

Mpikisano uliwonse uli ndi chipata chake, ndipo mlonda wa pachipatapo safunsa za nzeru. Iye amafunsa chikalata basi. Tsono funso limene landisowetsa mtendere ndi ili: kodi nchilungamo kubweza mwana waluso asanakhudze n'komwe kompyuta, chifukwa cha tsiku limene anabadwa kapena dziko limene akuchokera?

Titenge mpikisano wa International Olympiad in Informatics, mwachidule IOI, umene unayamba mu 1989 ku Pravetz m'dziko la Bulgaria. Kumeneko ana a sukulu za sekondale amapikisana polemba mapulogalamu a kompyuta kwa masiku awiri, maola asanu patsiku, mafunso atatu tsiku lililonse. Malamulo olowera ndi achidule. Dziko lililonse litumize ana osapitirira anayi. Mwanayo akhale woti chakumapeto kwa chaka chathacho anali akadali pasukulu yosaposa sekondale. Ndipo pofika pa 1 Julayi m'chaka cha mpikisanowo asakhale atapitirira zaka 20.

Lamulo la ana anayi ena amadandaula nalo, ati limapondereza aluso. Zoonadi, mwana amene wakhala wachisanu pa mayeso osankhira ku China atha kukhala woposa woyamba wa maiko ambirimbiri, koma iye amatsala kunyumba mnzake wochepera luso nkukwera ndege. Ine lamuloli sindilimbana nalo. Popanda ilo holo yonse ikanadzaza ndi maiko owerengeka, enafe nkumangomvera pa wailesi. Komanso wachisanu uja wataya mendulo chabe. Aphunzitsi ali nawo, makina ali nawo, mayunivesite akumudikira. Kwa ine muyeso wa lamulo lolowera ndi umenewu: wolipira mtengo wake ndani, ndipo kodi ali ndi khomo lina lolowera?

Pamenepa mpamene lamulo la zaka limandivuta. Cholinga chake nchomveka, kuti akuluakulu odziwa kale zinthu asadzaphangire mphotho za ana. Koma kodi zaka zobadwa ndizo zimaonetsa amene wadziwa kale zinthu? Gennady Korotkevich wa ku Belarus anapata mendulo ya siliva ku IOI mu 2006 ali ndi zaka 11, kenaka golide kasanu ndi kamodzi motsatizana kuyambira 2007 mpaka 2012. Sindikumunyoza ayi, luso lake ndi lodabwitsa ndipo sanaphwanye lamulo lililonse. Chimene ndikunena nchakuti paulendo wake wachisanu ndi chiwiri lamulo linkamuonabe ngati mwana woyenera kutetezedwa kwa akulu. Tsono taganizirani mnyamata wa kwathu kuno amene anayamba Sitandade 1 mochedwa chifukwa sukulu inali kutali, nakhalako pakhomo zaka ziwiri fizi itasowa, lero ali Folomu 4 ndi zaka 21, kompyuta waigwira koyamba chaka chatha. Ameneyu ndiye lamulo likuti wakula kwambiri, angawapondereze anzake. Abale, akupondereza mnzake ndani apa?

Komabe ndisathamangire kuligwetsa lamuloli, poti mbali inayo ilinso ndi mfundo. Tsiku lobadwa limatsimikizika ndi chikalata, pamene zaka zimene munthu wakhala akusewera ndi kompyuta palibe angazitsimikize. Mukangonena kuti komiti izimva nkhani ya mwana aliyense payekha nkumachita chifundo, mwatsekula khomo la ziphuphu, ndipo oyamba kulowa sadzakhala amphawi aja koma mwana wa bwana. Za kubera zaka tikuzidziwa bwino ku mpira, mpaka bungwe la FIFA linayamba mu 2009 kujambula mafupa a padzanja la osewera a timu za osapitirira zaka 17 ndi makina a MRI. Nkhanga zinapangana kusanache: lamulo louma koma lodziwika kwa onse mpikisano usanayambe limaposa chifundo chogawidwa kuseri.

Chimene sindivomereza ndi maganizo akuti njira ndi ziwiri zokha, kuuma mtima kapena kukondera. Mpikisano wa ophunzira a m'mayunivesite wa ICPC, kumene anthu atatu amagawana kompyuta imodzi kwa maola asanu, uli ndi malire ake a zaka, koma umawerenganso mwayi umene munthu walandira kale: salola munthu kupikisana mu ndime yomaliza ya dziko lonse koposa kawiri. Nayo IOI mu 2022, nkhondo ya ku Ukraine itabuka, inachotsa mbendera za Russia ndi Belarus koma ana a maikowo inawalola kupikisana pansi pa mbendera ya IOI, kusonyeza kuti nkotheka kusiyanitsa mwana ndi zimene zamugwera. Ndipo ku Ulaya ataona kuti atsikana ndi ochepa m'matimu a ana anayi aja, sanagumule chipata chakale. Anatsekula china mu 2021, mpikisano wa atsikana wa EGOI.

Malire a zaka 20 ku IOI atha kukhala momwemo, pakuti maiko oposa 80 sangagwirizane pa nkhani ya mwana mmodzimmodzi. Nkhawa yanga ili pa ife tikamakonza timipikisano tathu ta m'sukulu nkungokopera malamulo a kunja mzere ndi mzere, ngati kuti ana onse amayamba sukulu ali ndi zaka 6 nkuyenda osapunthwa. Ngati cholinga nchakuti a sekondale apikisane okhaokha, funsani kalasi imene mwana ali ndi maulendo amene walowapo kale mumpikisanowo. Zonse ziwirizi zimalembedwa m'kaundula, ndipo mphunzitsi wamkulu atha kusainira popanda wina kujambulidwa mafupa.