Kodi Nzeru Yobwera pa Lamya Nja Yani?

Anthu a ku Uganda amadalira nthoci monga momwe a kwa Mpezeni amadalira cimanga. Cakudya cao ceniceni ndi matooke, ndizo nthoci zaziwisi zophika. Tsono m'caka ca 2001 kudera la Mukono kunabuka nthenda yofotetsa nthoci. Masamba anali kusanduka acikasu, zipatso zinali kupsa nthawi isanakwane ndi kuolera m'kati, ndipo thunthu likadulidwa munali kutuluka madzi onga mafinya. Pofika 2005 nthendayo inali italowa m'Rwanda.

Nthenda imeneyi iribe mankhwala, koma njira zoiletsera nzodziwika. Mlimi athyole duwa la kunsonga kwa mkoko ndi ndodo ya mphanda, cifukwa njuci ndi tizirombo tina totera pamenepo ndito tinyamula nthendayo. Aoce cikwanje cace pamoto asanadule mtengo wina, ndipo mtengo wodwala audule msanga. Bvuto linali lakuti alangizi ngocepa ndipo midzi njotalikirana. Cifukwa cace mu 2013 malangizo amenewa anatumizidwa kwa anthu zikwi zambiri a m'Uganda pa lamya za m'manja, kudzera mwa U-report, njira ya mauthenga imene UNICEF inathandiza kukhazikitsa.

Apa mpamene pali funso. Uthenga wotere ufika m'thumba la munthu mmodzi, ndipo auwerenga ali yekha. Kale mlangizi akabwera anali kulankhula pabwalo, mkazi wamasiye ndi nkhalamba namva pamodzi ndi mfumu. Lamya sitero. Isankha amene ali ndi ndalama zogulira, ndi amene adziwa kuwerenga. Kodi tsono wolandira uthengayo ali ndi mangawa kwa mnansi wace amene alibe lamya?

Wina angayankhe kuti iai. Lamyayo anagula ndi thukuta lace, ndipo nthoci za anzace zikafota, zace zidzakwera mtengo pamsika. Mau amenewa si acitsiru, pakuti munthu saumirizidwa kugawira ena mbeu za m'nkhokwe mwace.

Komatu nzeru isiyana ndi mbeu. Wopatsa mnzace mbeu atsala ndi zocepa, koma wouza mnzace mau sataya kanthu. Ndiponso amene anatumiza uthengawo sanautumizire iye yekha. Anaupereka kwa mudzi wonse kudzera m'dzanja lace, ndiye kuti iye ndi mthenga cabe. Mthenga wobisa mau amene anatumidwa alakwira omtuma ndi oyembekeza omwe.

Nayonso nthendayo imtsutsa. Njuci sidziwa malire a munda. Icoka pa duwa lodwala la mnansi nitera pa duwa la mwini lamya, ndipo cikwanje cobwereka cibwera ndi zimene cinakhudza kwina. Akulu anati, mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako. Pa nkhani ya nthoci mawalo silicedwa kufika.

Koma munthu wozimira mnzace cifukwa coopa moto wa pa ndebvu zace zokha sanafike pa ubwino weniweni. Woyenera ulemu ndi amene awerenga uthenga, nanyamuka kukauza gogo wa kutsidya kwa mtsinje, amene munda wace uli kutali kotero kuti nthenda yace sikadamfika iye. Lamya inyamula mau kucokera ku Kampala kufika kumudzi m'kamphindi, koma kuti mauwo afike pakhomo la wosauka pafunika miyendo ya munthu wacifundo.