Kodi Dzina la Dziko Lingabedwe?

Mpunga wa ku Chama umagulidwa msanga pa msika wa Chipata cifukwa ca fungo lake lokoma. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003, limagula mpungawu kwa alimi a m'cigwa ca Luangwa ndi kulemba dzina la Chama pa matumba ake, kuti wogula wa ku Lusaka adziwe kumene unalimidwa.

Nanga wamalonda amene asakaniza mpunga wa kwina nauchula wa ku Chama, waba ciani? Sanathyole nkhokwe ya munthu ai. Koma dzinalo ndi la alimi onse amene analikuza ndi makasu ao. Wogula akanyengedwa kamodzi saukhulupiriranso, ndipo mtengo umamtsikira ngakhale mai wamasiye wa ku Chama amene wamalondayo sanamuonepo.